Ndinasasula Malata Anga Kuti Ndilandire Chimanga

Zikomo amayi, zikomo abambo. Takhalani kaye pansi, mvula ikadali kuseri kwa phiri la Michesi, siifika kuno ndisanamalize. Mwamva nonse kuti mawa a komiti akusankhanso anthu oti alandire chimanga cha boma, ndipo ndikuona nkhope zina zayamba kale kukwinyika. Ena mwayamba kuwerenga mbuzi za anzanu mumtima. Musakane, ndikukudziwani, inenso ndinawerengapo. Inu amene mwabwera m'mudzi muno posachedwa mumangondidziwa kuti ndine mayi a Tadala, a nyumba ya theka malata theka udzu ija. Lero ndikuuzani chimene chinadya theka linalo.

Dzina langa ndine Esnati. Amuna anga, a Layisoni, anabwera kuno chikamwini kuchokera ku Chiringa, atangotenga njinga ndi bulangete basi. Ankagula nandolo m'midzi n'kukagulitsa kwa mavenda pa Migowi. Kaphindu kakapezeka sankamwera ayi, ankagula lata limodzi, kulipinda, kulimanga panjinga, n'kubwera nalo likulira msewu wonse. Tinawaunjika choncho zaka ndithu mpaka anakwana. Tsiku lokhoma, mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Makoma anali a zidina, koma pamwamba pankawala moti munthu wotsika m'phiri ndi nkhuni ankaloza kuti apo ndi pa Esnati. Ine ndinazolowera kusiriridwa, ndipo zinkandikomera kwabasi.

Kuseri kwa mpanda wathu kunali nyumba ya Filesi, mng'ono wanga wa bere limodzi. Mwamuna wake anadwala nthawi yaitali n'kumwalira, kumusiyira ana atatu ndi nyumba ya udzu. Ndinkamuthandiza, inde. Mchere, sopo, chitenje chakutha. Koma ndinkapereka mokweza mawu kuti ndi odutsa omwe amve kuti Esnati wapereka.

Kenako chinabwera chaka cha njala ija mukuikumbukira, chimanga chinauma chisanamasule. Tinaitanidwa pabwalo la sukulu, ndipo mayi Rozina, amene anali wapampando wa komiti, anafotokoza lamulo. Anati, "Chimangachi n'chochepa, sichikwana mudzi wonse. Boma lati tiyambe ndi amene alibiretu pogwira: amasiye, okalamba, osunga odwala. Kuno kulibe wolandira malipiro a pamwezi woti tingamufunse kuti amapeza zingati, ndiye tiziona ndi maso. Wa malata, wa njinga, wa mbuzi, ameneyo ali ndi choti angagulitse, ayambe wadikira."

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinaimirira n'kufunsa kuti, "Kodi mayi, malata amadyedwa?"

Anthu anaseka. Mayi Rozina sanaseke. Anangoti, "Sadyedwa, koma amagulitsika. Nanga udzu wa Filesi angagule ndani?"

Filesi anasankhidwa. Ine ayi.

Tsiku lolandira ndinati sindituluka m'nyumba, koma ndinapezeka ndikusesa pabwalo posesa kale. Uyo Filesi akubwera atasenza thumba loyera mbee, mwana wake wamkulu atanyamula kachigubu ka mafuta ophikira, wina kathumba ka nyemba. Podutsa pakhonde panga anati, "Achemwali, tabwerako." Ndinayankha kuti, "Eee, abwana, mwalemera tsopano." Ndinanena moseka, koma m'chifuwa munali mukuwira.

Mundimvetse bwino. Ife sitinkagona ndi njala. Makaka a chinangwa analipo, nyemba za kalongonda zinalipo, mbuzi zinali m'khola. Koma nsima ya makaka ndi yakuda, ndipo ya Filesi inali yoyera. Madzulo alionse fungo la anyezi wokazingidwa m'mafuta linkadumpha mpanda n'kudzandipeza pamene ndakhala. Fungo limenelo linkandilanda njala, chakudya changa chomwe chinkandiwawa pakhosi. Ndinkadzifunsa kuti, Filesi yemweyu amene ndimamugawira mchere, lero azikazinga ine ndikungonunkhiza? Anthu amene ankabwera kudzapempha kwa ine anayamba kungondipatsa moni n'kupitirira kwa iye. Zimenezo zinandipweteka kuposa njala.

Choipitsitsa chinali Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu. Ankazembera kwa Filesi n'kubwerako milomo ikunyezimira. Tsiku lina anandiuza kuti, "Kwa amayi aang'ono kumakoma." Ndinamumenya mwana uja ngati waba. Mawa lake Filesi anatumiza mbale ya ufa woyera. Ndinaibweza, n'kumuuza mwana wotumidwayo kuti, "Ukawauze amako kuti kuno sitidya zachisoni."

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka msanga. Ndinasiya kumupatsa moni. Kumjigo ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti Filesi sanasankhidwe chifukwa cha umasiye, koma kuti amasekerera bambo wina wa m'komiti. Linali bodza, ndinalipeka ndekha ndikutsuka ndowa. Ndinayamba kucheza kumapeto kwa mudzi kwa a Biziwiki, amene akazi awo ankatcheza kachasu. Kumeneko ndi kumene tinkasonkhana tonse osiyidwa, kutchula mayina a olandira mmodzimmodzi n'kumawapezera zifukwa. Ine amene ndinali ndisanalawepo mowa ndinayamba ndi kakumeza kamodzi kuti mtima uzizire. Sunazizire, koma ndinkabwererako tsiku ndi tsiku.

A Biziwiki ndiwo anandipatsa nzeru. Anati, "Mlamu, mdani wanu si Filesi ayi. Mdani wanu ali pamutu panu pomwe. Kukubwera anthu a ku boma kudzaona ngati komiti inasankha bwino. Amene aja sadziwa munthu, amangoona ndi maso. Akapeza udzu pamwamba, khola lopanda kanthu, njinga palibe, alemba basi. Malatawo ndikusungirani ine, akangopita mudzakhomanso."

Ndinawayesa amuna anga ndi nkhaniyi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, mutu ukuyenda bwino? Lata lililonse pamwambapa ndinalipalasira njinga. Ine ndikupita ku Mozambiki kukasaka chimanga. Ndidzapeze nyumba yanga mmene ndaisiyira."

Atangokhota pa mtengo wa mango wa panjira, ine ndinati njinga yachoka yokha, kwatsala ziwiri. Mbuzi ndinakagulitsa pa Migowi pamtengo wongotaya, chifukwa chaka cha njala aliyense amagulitsa, wogula ndiye amalamula. Zimene ndinapeza, zina ndinagula madeya, zambiri zinathera kwa a Biziwiki. Kenako a Biziwiki anakwera padenga ndi hamala dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kuzula misomali. Ofunsa ndinkawauza kuti chiswe chadya mapaso, tikufuna kusintha.

Filesi anabwera mpaka pampanda, ngakhale ndinali ndisakumuyankhula. Anati, "Achemwali, mitambo iyo mukuiona? Mungasasule denga mvula ili pamphuno?"

Ndinati, "Iwe samala thumba lako, za nyumba ya malata ukuzidziwira kuti?"

Tsono amayi, nonse mukudziwa kuti udzu umamwetedwa chilimwe. Nthawi imeneyo moto unali utadutsa kale m'phiri, udzu wa tsekera kunalibe ndi umodzi womwe. Ndinatola udzu wowola wa pakhitchini yakale, mapesi, masamba a nthochi, n'kuyala pamwamba. Ndipo pali china. Denga la malata amaligoneka, la udzu amaliimika kuti madzi azitsetsereka msanga. Ine ndinayala udzu pa mapaso ogona a malata aja. Ndinabadwira m'nyumba ya udzu, zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Koma maso anga anali pathumba la Filesi, denga sindinkaliona.

Tsiku limene a ku boma anabwera ndinavala chitenje chong'ambika, sindinadzole mafuta, Tadala ndinamupaka phulusa m'miyendo kuti atuwe. Ndinakhala pakhomo nkhope yachisoni nditaikonza bwinobwino, kudikira kuti adutse. Sanadutse. Sanayende nyumba ndi nyumba n'komwe. Anatiitanira tonse pabwalo la sukulu pomwe paja, ndipo mtsikana wa ku bomayo anafunsa ngati pali wina wosowa amene anasiyidwa. Ndinaimirira n'kunena kuti ndilibe malata, ndilibe mbuzi, ndilibe njinga.

Mtsikana uja sanayang'ane chitenje changa. Anatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti, "Inu mumakhala nawo mayiwa. Ndi zoona?"

Kenako wina kumbuyo anati, "Tawafunsani malata apita kuti." Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mtsikana uja anafunsa amene amakhala pafupi nane, ndipo mayi Rozina analoza Filesi. Filesi anaweramitsa mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Njala ali nayo ngati tonsefe." Atamufunsa za malata, sanayankhe. Sanafune kunama, sanafunenso kundiyalutsa. Koma ine kukhala chete kumeneko ndinakumva ngati wandigulitsa.

Zimene ndinanena pamenepo, ena a inu munalipo. Ndinamuloza chala mng'ono wanga pamaso pa mudzi wonse ndi alendo, n'kunena kuti, "Iwe unadya mwamuna wako kuti uzilandira chimanga." Kuseka kunatheratu. Filesi anadzuka, kutenga ana ake, n'kumapita osatembenuka.

Mawa lake ndinapita kwa a Biziwiki kuti andibwezere malata. Anati mawa. Mawa lakenso anati hamala yabwerekedwa. Ine m'malo moumirira ndinkangokhala pansi n'kulandira kapu. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Kwa ine inachita kubwera yeniyeni.

Anali masana. Ndinali pakhonde mutu ukuwawa ndi matsire, Tadala atagona pamphasa kuchipinda. Michesi anada bii, mphepo yozizira inadutsa, kenako inayamba. Ife a kuno mvula ya m'phiri timaidziwa, siichita kugogoda. Kanthawi kochepa udzu wanga uja unamwa madzi n'kulemera, denga linafwamphuka pakati ngati lichero lakutha. Madzi sankadontha ayi, ankachita kuthiridwa. Ena ankatsika ndi makoma kuchokera pamwamba, ndipo ndinaona zidina zikusungunuka, matope ofiira akuyenderera mpaka pakhomo. Ndinamva khoma lakumbuyo likulira ngati munthu akukukuta mano. Ndinkadziwa kuti mwana ali m'katimo. Ndinkadziwa. Koma mutu unali wa kachasu, ndinangoima n'kumaitana dzina lake ngati iye ndiye abwere kudzanditenga.

Munthu anandidutsa pambali liwiro, osandiyang'ana. Anali Filesi. Analowa m'chipinda muja madzi akumuthira, n'kutuluka Tadala atamukolekera paphewa. Asanatsike n'komwe pakhonde, khoma lakumbuyo linagwa. Linagwera pamphasa pomwe panagona mwana, pa makaka athu otsala, ndi pa mbewu imene a Layisoni anasunga. Filesi anandigwira pamkono mwamphamvu n'kunena mawu awiri okha: "Tiyeni kunyumba."

Ndinalowa m'nyumba ya Filesi koyamba chiyambire njala. Anandipatsa chitenje chouma, anamufunditsa Tadala, n'kukoleza moto. Ine nditakhala pakona, maso anga anayamba kusakasaka chuma chija. Thumba loyera lija linali litatsamira khoma, litapindidwa kukamwa mpaka pansi, ufa wotsala wosadzaza ndi ndowa yaing'ono yomwe, mwezi usanafike ndi pakati. Anatenga kachigubu ka mafuta n'kuthira m'kachitsekero kake, kachitsekero kokha, n'kudonthezera pa anyezi. Fungo lija linadzaza nyumba. Fungo lomwe lija limene linkandisowetsa mtendere, limene ndinagulitsira mbuzi, linali la mafuta a m'kachitsekero. Ankatero kuti ana anyengeke adye masamba a chinangwa.

Anagawa chakudya. Ana ake atatu, Tadala, ndi ine. Iye anatsala ndi mphika, n'kumakokota makoko. M'pamene ndinamuyang'anitsitsa mng'ono wanga. Mafupa a m'khosi anali poyera, chitenje chinkamuzungulira kawiri.

Ndinati, "Filesi, iwe sukudya?"

Anati, "Ndadya kale."

"Wadya liti?"

Anaika mphika pansi. Anati, "Achemwali, boma linawerenga pakamwa panayi m'nyumba muno. Tadala ndi pachisanu. Masiku onsewa mumati chake chimachokera kuti?"

Mwana amene ndinamumenya chifukwa chodya kwa eni, ankadya gawo la mayi ake aang'ono. Milomo yonyezimira ija inali njala ya Filesi.

Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanandilalatira. Anapitiriza akuyang'ana moto. "Munati ndinadya mwamuna wanga. Pamaso pa ana ake munatero. Ndikuuzeni, achemwali, kuti thumba ili lilowe pakhomo apa, panayamba patuluka bokosi la maliro. Mukulifuna? Tisinthane. Tengani thumba, tengani ndi mafuta omwe, mundibwezere bambo a ana awa. Ngakhale abwere odwala momwe muja, ndiziwatembenuza pamphasa, ndivomera. Inu muli ndi munthu amene wapalasa njinga mpaka ku Mozambiki chifukwa cha inu. Ine ndikamva belu la njinga yawo madzulo, mumati sindisirira?"

Ndinalira ngati pamaliro. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Koma ndikuuzeni zoona zake, popeza ndabwera kudzanena zoona. Ndili m'kati molira choncho, ndinakweza maso n'kuona kuti denga la Filesi, limene malemu mwamuna wake anafolera, silikudontha ndi pang'ono pomwe. Ndipo kamtima kena kanati, taonani, iyeyu nyumba yake ndi youma. Ndinachita mantha. Munthu wangopulumutsa mwana wanga, akugona ndi njala chifukwa cha mwana wanga, ine ndayambanso kumusirira udzu. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti vuto silinali chimanga, silinali komiti, silinali lamulo. Akanandipatsa matumba onse a pasukulu paja, ndikanapezabe china cha Filesi choti chindiwawe.

A Layisoni anabwera patapita masiku, akukankha njinga, thumba la chimanga lili pakaliyala, mapazi atatupa. Anaima pamene panali nyumba yawo. Ine ndinatuluka kwa Filesi n'kugwada chapatali. Anafunsa kuti, "Mwana ali kuti?" Nditawaonetsa, anafunsanso kuti, "Malata anga ali kuti?" Ndinafotokoza zonse, sindinabise. Sanandimenye, sanatukwane. Anamasula thumba lija n'kuliika pakhomo pa Filesi. Kenako anati, "Mudzi ndi wanu, malo ndi anu, mwana ndi wa kwanu. Changa ine pano chinali denga." Anakwera njinga n'kubwerera kwawo ku Chiringa.

Sipanapite nthawi, mayi Rozina anabwera. Anati komiti yakambirana za amene nyumba zawo zinagwa ndi mvula. Anandiyang'ana mwachisoni, osati monyoza, n'kunena kuti, "Esnati, malata mulibe, mbuzi mulibe, njinga yapita ndi mwini wake. Tsopano mwakwanira."

Ndinakwanira, amayi. Ndinakaima pamzere, ndinadinda chala, anandisenzetsa thumba loyera lomwe lija ndinkalilota. Ndasenzapo nkhuni kuchokera pamwamba pa Michesi, koma katundu wolemera ngati thumba limenelo sindinamusenzepo. Njira yonse ndinkakumbukira mawu a Filesi, kuti thumba likamalowa ndiye kuti china chatuluka. Kwa ine kunatuluka nyumba ndi banja, ndipo ndinazitulutsa ndi manja angawa.

Tsono kubwerera kwake sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo sikunayambe ndi malata. Ndinayamba ndi kumjigo, kumene ndinafesa bodza lija. Ndinadikira m'mawa pamene ndowa zimachuluka, n'kunena mokweza monga mmene ndinkaperekera mchere muja, kuti za Filesi ndi bambo wa m'komiti ndinapeka ndine, ndiponso kuti mwamuna wake anamwalira ndi matenda, iye akumusamala mpaka tsiku lomaliza. Ena anandiseka, ena anandilavulira pambali. Filesi sanandikhululukire pompo, ndipo sindinamukakamize. Tinkagona nyumba imodzi, kuphika mphika umodzi, koma kuseka pamodzi kunabwera mochedwa.

Kwa a Biziwiki ndinasiya kupitako, ndi njira yomwe ndinasintha, ndinkazungulira kudambo ngakhale kuli matope. Ndinapitako kamodzi kokha, ndi amalume anga, kukatenga malata. Tinapeza ambiri anagulitsidwa kalekale, otsalawo atapindikapindika kuseri kwa bafa. Amalume ankafuna mlandu, koma ine ndinati mlandu ndiuyamba bwanji poti malatawo ndinachita kuwapatsa ndekha. Tinasenza otsalawo n'kubwera nawo.

Thumba langa sindinalisunge padera. Ndinakhuthulira mwa Filesi, ndipo ndinkagawa chakudya ndine kuti ndione kuti iye wadya. Ndinagwira ganyu wopalira m'minda ya anthu amene kale ankabwera kudzandipempha sopo, malipiro ake mbewu ya nandolo. Mvula itatha, ine ndi Filesi tinaponda dothi, kuumba njerwa, ulendo uno zootcha. Udzu ndinamweta pa nthawi yake, mitolo yokwanira.

Ankhoswe anapita ku Chiringa kangapo, a Layisoni osafuna kumva. Ulendo womaliza anangowauza kuti, "Khoma likaima ndidzamva." Ndipo anamvadi. Tsiku lina m'mawa ndinamva belu la njinga, Filesi n'kundigwira dzanja. Anafika hamala ili pakaliyala. Moni anapatsa Filesi ndi Tadala, ine anangondifunsa kuti misomali ili kuti. Anawongola malata aja limodzilimodzi pansi, n'kukwera. Malatawo anangokwana chipinda chimodzi. Chinacho anachiimika bwino n'kufolera udzu, n'chifukwa chake nyumba yathu ikuoneka mmene mukuioneramo.

Lata loyamba litangokhomedwa, ndinapita kwa mayi Rozina kukawauza kuti andichotse, pamalo pangapo alowe wina. Sikuti ndinasanduka mngelo ayi. Ndinkangofuna kuti thumba lija lisadzandipezenso.

Kodi nsanje inatha? Bodza. Chaka chatha chomwechi Filesi anagula nkhuku zachizungu, ndinamva kanthu kakundiluma m'chifuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimakadziwa. Kakangoyamba, sindipita kumjigo, sindikhala pampanda n'kumanunkhiza. Ndimapita kukalowa m'nyumba ya munthuyo, kukhala pansi, kuona mmene akukhalira. Sindinalowepo m'nyumba ya munthu n'kutulukamo ndikufunabe kusinthana naye.

Za mawa, sindikunena kuti lamuloli ndi langwiro. Malata sadyedwadi, ndipo alipo a malata amene akugona ndi njala yeniyeni, mwina wokhomayo anamwalira kalekale. Ngati ndinu wotere, imirirani pabwalo munene zoona zanu, anthu akudziwani, akuchitirani umboni. Koma ngati chikukupwetekani si m'mimba, ngati chikukupwetekani ndi dzina la mnzanu limene latchulidwa, gwirani mtima. Musabise mbuzi kwa achibale, musapake ana phulusa, musaipitse dzina la wamasiye. Alendo mukhoza kuwanamiza, koma mudzi umadziwa ndi nkhuku zanu zomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanga ndinamutaya ndikuthamangira wa pachala cha mng'ono wanga.

Chotsala ndi chimodzi. Lata likakhomedwa kachiwiri, mabowo akale sagwirizana ndi mapaso atsopano. A Layisoni anamata mabowo onse ndi phula, limodzilimodzi, tsiku lonse ali padenga. Koma limodzi analisiya, cha kumiyendo kwa bedi, mbali imene ndimagona ine. Nditawauza kuti mwaiwala apa, anati, "Sindinaiwale. Limenelo ndi lanu." Mpaka lero silinamatidwe, ndipo ine sindinapemphenso. Mvula ikayamba, madzi akamagwera m'beseni, iwo amatembenuka n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, chimanga chanu chija chikudontha."

Taonani, yatsika m'phiri ija. Tiyeni tibalalike. Ine ndithamange, beseni ndinalisiya panja.